Unu, doi, trei: mmene ikuyendera ntchito yanga yophunzira manambala a Chiromania

Sabata yoyamba, Lolemba

Ndayamba kope ili chifukwa cha manyazi amene ndinawaona Lachisanu usiku. Ndimagwira shifiti ya usiku m'nyumba yosungiramo katundu kuno ku Northampton, ndipo pa anthu 12 a gulu lathu, 7 ndi ochokera ku Romania ndi ku Moldova. Akamalankhula nafe amalankhula Chingerezi, koma zikafika powerenga mabokosi, aliyense amabwerera ku chilankhulo cha amayi ake. Ine, pongomvetsera, ndinadziona ngati ndatola kale manambala awo, mpaka ndinayamba kudzitama kuti asamavutike kundimasulira. Ndiye mayi amene amayang'anira mzere wathu, a ku Suceava ku Romania, anakuwa ali kuseri kwa mapaleti kuti "șaișpe!" Ine ndinalemba 60 papepala. Anali mabokosi 16. Woyendetsa forklift anakatsitsa mapaleti ena awiri osafunika, tinawabwezanso, ndipo tonse tinaweruka mochedwa. Palibe anandikalipira. Anangondiseka mwachifundo, mmene timasekera mwana wovala nsapato mosemphanitsa, ndipo zimenezo n'zimene zinandiwawa.

Chimene ndikufuna n'chakuti pakatha masabata 6 ndizitha kumva ndi kunena nambala iliyonse kuyambira 0 mpaka 1000, kufunsa mtengo wa chinthu, ndi kunena nthawi. Zida zanga ndi makadi odula ku katoni, kope lino, foni yojambulira mawu, ndi buleki ya 2 koloko usiku. Mphunzitsi ndi mayi omwe aja. Ndimawatchula *doamna*, monga amachitira anyamata akwawo, ndipo ndiye kuti "mayi" mwaulemu.

Mnzanga wina wandifunsa kuti ndikutayiranji nthawi pa chilankhulo cha dziko lomwe sindinapondemo. Kalembera wa 2021 anapeza kuti ku England ndi Wales kuli anthu pafupifupi 472,000 amene chilankhulo chawo chachikulu ndi Chiromania. Ukachotsa Chingerezi ndi Chiwelishi, chimangopambanidwa ndi Chipolishi basi. Koma ine chifukwa changa n'chaching'ono kuposa apo: sindikufunanso kuweruka mochedwa.

Lachinayi

Khumi oyamba ndawalemba pamakadi: *unu, doi, trei, patru, cinci, șase, șapte, opt, nouă, zece*. Ziro ndi *zero*, ameneyo sanandivute. Kuloweza kunanditengera usiku umodzi. Kutchula ndiye nkhondo.

Lembo la *ș*, lokhala ndi kamchira pansi, limamveka ngati "sh", choncho 6 ndi "shase", 7 ndi "shapte". *Ce* ndi *ci* amamveka ngati "che" ndi "chi", ndiye 10 ndi "zeche". Mpaka apa zinali bwino. Vuto ndi lilime lathu la Chichewa, lomwe silivomera kusiya mawu osawatseka ndi a, e, i, o kapena u. *Opt* ndimamutchula "opiti", ndipo *patru* amatuluka ngati "patulu". Nditaona *cinci* ndinasangalala kuti uyu yekha watha bwino ndi lembo la liwu, n'kunena mokweza kuti "chinchi". Doamna anapukusa mutu. Ka *i* komaliza kaja amangokanong'oneza, mawu onse ndi phatikizo limodzi, "chinch", ngati munthu watseka chitseko pang'onopang'ono kuopa kudzutsa mwana. Ka *ă* ka mu *nouă* nako si "a" wathu. Umatsegula pakamwa pang'ono chabe, osalimbitsa milomo, mawu n'kutuluka aulesi.

Anyamata atulukira zoti *l* ndi *r* kwa ine ndi mapasa. Tsopano aliyense wodutsa amandiuza kuti ndinene *trei lei*, ndalama zitatu zakwawo. Ndanena "tilei lei" kokwanira kusangalatsa shifiti yonse.

Sabata yachiwiri, Lachiwiri

Ndinajambula mawu anga ndikuwerenga mpaka 10 n'kutumizira alamu anga a ku Vila Ulongwe, ku Angónia, amene anaphunzira sukulu m'Chipwitikizi. Yankho linabwera m'mamawa: "Alamu, Chipwitikizi chimenechi mwachitola kuti? Chaphwanyika m'njira." Kenako anandiwerengera chawo: *um, dois, três, quatro, cinco, seis, sete, oito, nove, dez*.

Sanalakwe. Zilankhulo ziwirizi ndi za mimba imodzi, zonse zinabadwa ku Chilatini. Aroma, pansi pa mfumu Trajan, anagonjetsa dziko la Dacia m'chaka cha 106, ndipo Chilatini chimene chinakhazikika m'madera amenewo ndicho chinasanduka Chiromania. Chimene chandikoma n'chakuti kuphwanyikako kuli ndi dongosolo lake. Chilatini chinkati *octo*. Apwitikizi anafewetsa n'kukhala *oito*, Aromania anasandutsa *ct* kukhala *pt* n'kupeza *opt*. Zomwezonso ndi usiku, *noite* ndi *noapte*, komanso mkaka, *leite* ndi *lapte*. *Quattuor* anasanduka *patru* monga mmene *aqua*, madzi, anasandukira *apă*. Kuchokera pamene ndaona zimenezi, *opt* sakundionekeranso ngati mawu odulidwa mchira. Ali ndi abale ake.

Lachisanu

Lero ndagwa pa 1 ndi 2. Ndinafuna kunena kuti mabokosi awiri, ndinati *doi cutii*, doamna n'kundikonza kuti *două cutii*. Manambala awiriwa amasintha malinga ndi dzina lomwe akuliwerenga. Ukamangowerenga pamlengalenga umati *unu, doi*. Dzina likabwera, ngati lili la gulu lachimuna umati *un* ndi *doi*: *un leu, doi lei*, *un an, doi ani*, chaka ndi zaka. Ngati lili lachikazi umati *o* ndi *două*: *o cutie, două cutii*, *o zi, două zile*, tsiku ndi masiku.

Mnyamata wina wa kuno yemwe, amene anayesapo kuphunzira chilankhulochi chifukwa cha chibwenzi, akuti anasiyira pomwepa. Ine ndinangoseka. Ife timati munthu mmodzi, dzira limodzi, nkhuku imodzi, chingwe chimodzi, kamwana kamodzi, ndipo timasintha choncho mpaka pa 5 osaganiza n'komwe. Munthu woleredwa ndi magulu a mayina a Chichewa sangaope chilankhulo chomwe chimangosintha 1 ndi 2, pomwe 3 mpaka 10 akhala phee.

Komabe pali kamsampha. Kuli gulu lachitatu la mayina, lomwe likakhala limodzi limayenda ngati lachimuna, likachuluka limayenda ngati lachikazi. Dzira ndi *un ou*, koma mazira awiri ndi *două ouă*. Mpando ndi *un scaun*, iwiri ndi *două scaune*. Kilogalamu nayo ili momwemo. Ndasintha kalembedwe ka makadi: dzina lililonse latsopano ndikulilemba kawiri, ndi 1 komanso ndi 2, chifukwa ukangoona limodzi lokha sungadziwe mbali yomwe likagwere.

Kanthu kena. Masiku onsewa ndakhala ndikumva anyamata akuuzana motsitsa kuti "șase, șase", ine n'kumafunafuna zinthu 6 zomwe akuwerengazo. Lero andiululira. Ndi mawu ochenjezana kuti bwana akubwera, bisani mafoni. Wolondera anzake choncho amati *ține de șase*. Khadi limenelo ndalilemba, koma doamna sindinawaonetse.

Sabata yachitatu, Lolemba

Ndafika pa malo a ngozi ija, 11 mpaka 19. M'buku alembedwa motalika: *unsprezece, doisprezece, treisprezece*, mpaka *nouăsprezece*. Poyamba anandioneka ngati sitima ya katundu, koma ukawadula ndi mabogi atatu okha: *un*, *spre*, *zece*. *Spre* anachokera ku mawu a Chilatini akuti *super*, pamwamba. Ndiye 11 ndi "chimodzi pamwamba pa khumi", 13 ndi "zitatu pamwamba pa khumi". Awiri amafota pang'ono, 14 ndi *paisprezece*, 16 ndi *șaisprezece*. Pa 12 pabweranso nkhani ya amuna ndi akazi, *doisprezece* ndi *douăsprezece*. Koma mfumu ya onse ndi 18, *optsprezece*, momwe malembo opanda liwu asanu, p, t, s, p, r, andandalika popanda popumira. Ndayesa kambirimbiri m'basi mpaka mayi wina anasamuka mpando.

Ndawononga masiku atatu kuloweza mawu aatali amenewa, kenako n'kuzindikira kuti kuntchito palibe amawanena. Polankhula mwachangu *sprezece* yense amangotsala *șpe*: *unșpe, doișpe, treișpe, paișpe, cinșpe, șaișpe*, mpaka *nouășpe*. Ndiye *șaișpe* wanga uja ndi ameneyu. Ine ndinangomva "shai" koyambirira n'kuthamangira ku *șaizeci*, yemwe ndi 60. Kusiyana konse kuli kumchira, ndipo phokoso la makina limadya mchira womwewo. Ndang'amba makadi 9 n'kulemba ena, kutsogolo nambala, kumbuyo mawu onse awiri, lalitali la m'buku ndi lalifupi la pantchito. Ndikanayambira kwa anthu, osati m'buku, masiku atatuwo akanapulumuka.

Lachitatu

Usiku uno ndi umene wasintha ntchito yonse, ndiye ndilemba motalikirapo.

Doamna analemba *douăzeci* pa katoni n'kundiuza kuti ndi 20. Ndinayamba kuliloweza ngati mawu achilendo, monga tinalowezera 20 wa Chingerezi ku pulayimale. Kenako maso anagwera pakati pa mawuwo. *Două*, ziwiri. *Zeci*, kuchulukitsa kwa *zece*. Makumi awiri! Ndinawafunsa kuti 30 ndi *treizeci*? Anavomera. *Patruzeci*? Anavomeranso. Ndinapitiriza ndekha mpaka *nouăzeci*, n'kungopunthwa pa 60 pomwe *șase* amafota kukhala *șai*. Nanga 21? *Douăzeci și unu*. Ka *și* ndi "ndi" wathu. Makumi awiri ndi chimodzi, ndendende mmene agogo ankawerengera mbuzi.

Apwitikizi anasunga mawu akale a Chilatini a 20, n'chifukwa chake alamu amati *vinte*. Chiromania chinawataya n'kumanga chake ndi makumi. Ndiye masabata awiri onsewa ndakhala ndikuzungulira njira yaitali. Ndikamva nambala ndinkaisandutsa kaye Chingerezi, kenako n'kuilemba, pomwe khomo la Chichewa linali pafupi, lotsegula. Tsopano ndikamva *patruzeci și trei*, m'mutu mukumveka "makumi anayi ndi zitatu", dzanja n'kulemba 43. Ndaona kuti ndikufulumira kwambiri.

Chisangalalo changa chinandibweretsera mlandu. Doamna anati, popeza zikufanana, ndiwawerengere m'chilankhulo changa. Mpaka 5 ndinayenda monyada. Pa 6 ndinati "zisanu ndi chimodzi", iwo n'kudabwa kuti nambala imodzi yatenga mawu atatu. Kenako analemba 87. Ndinakhala chete kwa kanthawi, ndikuwerenga zala pansi pa tebulo, ndisanatulutse "makumi asanu ndi atatu ndi mphambu zisanu ndi ziwiri". Anandifunsa ngati pamsika timanenadi zonsezo. Ndinayenera kuvomera kuti ayi, pamsika wa Limbe timati "eyite seveni", ndipo "mphambu" timaimva kwa owerenga nkhani pawailesi ndi kutchalitchi. Sanandiseke. Anangofunsa kuti, "Ndiye ndalama zanu mumaziwerenga m'chilankhulo cha eni ake?" Ndinalibe choyankha. Belu linandipulumutsa.

Sabata yachinayi

Palibe chomwe ndachita. Chimfine, kenako ovataimu masiku anayi. Makadi anagona m'thumba la jekete. Loweruka nditawatulutsa, 1 mpaka 10 analipo, makumi analipo, koma *șapte* ndi *șase* anali atayambanso kusinthana malo.

Sabata yachisanu, Lachiwiri

Mazana ndi zikwi sizovuta. 100 ndi *o sută*, 200 ndi *două sute*, 1000 ndi *o mie*, 2000 ndi *două mii*. Onse awiri ndi mayina achikazi, n'chifukwa chake akutenga *o* ndi *două*. Amachita ngati "zana" ndi "chikwi" athu, omwe nawonso ndi mayina ochulukitsika. *Sută* ndi mlendo pakati pa ana a Chilatini. Akatswiri ambiri amati anabwerekedwa kwa anansi olankhula zilankhulo za Chisilavo, ndipo m'Chirasha 100 ndi *sto*.

Chimene chandizunguza ndi kamawu kakuti *de*. Kuyambira 1 mpaka 19 umangogundanitsa nambala ndi dzina: *cinci lei*, *nouăsprezece lei*. Ukangofika pa 20, pakati pamalowa *de*: *douăzeci de lei*, *o sută de cutii*. Ndinaganiza kuti lamulo lake n'lakuti nambala ikakula imafuna *de*, ndiye ndinati *o sută cinci de cutii*. Ndalakwanso. Chofunika ndi manambala awiri omalizira. Akakhala pakati pa 1 ndi 19, *de* kulibe, ngakhale kutsogolo kuli mazana angati. 105 alibe, 119 alibe, 120 ali naye, 200 ali naye. Pakhadi ndalemba kuti "yang'ana kumchira". Ndikuona kuti chilankhulo chimenechi nkhani zake zonse zimathera kumchira.

Mawu ena amagwira ganyu kawiri. *Nouă* ndi 9, komanso ndi "chatsopano" pa dzina lachikazi, komanso ndi "kwa ife". *Mie* ndi chikwi, komanso ndi "kwa ine". Izi ndangozilemba m'mphepete, sindikufuna zindisokoneze pano.

Lachinayi

Doamna anabweretsa ndalama zakwawo zomwe zinatsala m'chikwama atabwera ku tchuthi. Ndi zapulasitiki, zoterera ngati mapaundi a masiku ano. Ya 1 *leu* ili ndi nkhope ya Nicolae Iorga, wolemba mbiri yakale, ya 5 ili ndi George Enescu, wopeka nyimbo, ya 10 ili ndi Nicolae Grigorescu, wojambula zithunzi. *Leu* ndi mkango. Ndinawauza kuti ife pa kwacha imodzi timawerenga matambala 100, ndipo tambala ndi nkhuku yaimuna. Anati mkango wawo umagawika *bani* 100, ndipo *bani* ndi mawu omwenso amatanthauza ndalama zonse.

Apa panatuluka chenjezo lomwe silili m'buku langa. Mu July 2005 dziko la Romania linachotsa maziro anayi pa ndalama zake, moti 10,000 lei zakale zinasanduka 1 leu. Zaka zapita, koma anthu ambiri, makamaka achikulire, akuwerengabe mwakale. Amayi awo a doamna akati *un milion* akutanthauza 100 lei. Anzathu a ku Zambia akudziwa zimenezi, nawonso anadula maziro atatu mu 2013. Chenjezo lachiwiri ndi la polemba: iwo amaika kadontho (.) pomwe ife timaika chizindikiro cha koma (,), ndipo amaika chizindikiro cha koma pomwe ife timaika kadontho. 1.000 ndi chikwi chimodzi, 2,50 ndi ziwiri ndi theka. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake mapepala ena a shifiti yathu ankandioneka ngati alembedwa ndi munthu watulo.

Loweruka

Mayeso oyamba kunja kwa ntchito. Ndinapita ku golosale ya Aromania m'tauni kukagula *mălai*, ufa wachimanga womwe amaphikira *mămăligă*, nsima yawo. Ndi wachikasu, wokhakhala ngati mgaiwa. Kwathu ufa wachikasu umatikumbutsa chimanga cha chithandizo cha nthawi ya njala, koma kwa iwo ndiye ufa weniweni, amadyera tchizi ndi kirimu wowawasa.

Ndinayeserera chiganizo changa njira yonse. Pa kauntala panali mtsikana, foni ili pakhutu. Ndinati, "*Două kilograme de mălai, vă rog.*" Anachotsa foni, n'kundiyang'ana, kenako n'kuyang'ana kumbuyo kwanga ngati pali wina amene walankhula. Anatenga mapaketi awiri. Ndinafunsa, "*Cât costă?*" Anayankha mothamanga, ndipo chomwe ndinagwira ndi *trei* koyambirira ndi "zeci" kumapeto. Pakati panadutsa mphepo. Ndinati abwereze pang'onopang'ono. "*Trei lire optzeci.*" Makumi asanu ndi atatu. Ndinawerenga makobidi a mapaundi 3.80 ndendende n'kuika pa kauntala, osayang'ana pa makina. Anawawerenga, n'kugwedeza mutu, n'kuyamba kundilankhula zambirimbiri zomwe sindinamvepo kanthu. Ndinangomwetulira n'kutuluka ndi ufa wanga.

Ndaphunzirapo kuti makumi nawo amafupikitsidwa. *Cincizeci* amamveka "cinzeci", ndipo *douăzeci de* amatha kungomveka ngati "douăj de". Makadi ena akufunika.

Nsimayo inapsa, koma imachedwa kugwirana ndipo imalira moto wautali.

Sabata yachisanu ndi chimodzi, Lachitatu

Nthawi ndaiyamba mochedwa ndipo ndangoikhudza pamwamba. Funso ndi *cât e ceasul?* Ola ndi lachikazi, ndiye 2 koloko ndi *ora două*, 12 koloko ndi *ora douăsprezece*, koma 1 koloko ndi *ora unu*, zomwe doamna anati ndisafunse chifukwa chake. Kuwonjezera mphindi ndi *și*, kuchotsa ndi *fără*, kutanthauza "popanda". Buleki yathu imatha *două și un sfert*, 2:15. Timaweruka *șase fără zece* ngati ntchito yayenda bwino. Theka ndi *jumătate*. Tsiku loyamba la mwezi salitchula *unu* koma *întâi*, monga *întâi decembrie*, 1 December, tsiku la dziko lawo lokumbukira mgwirizano womwe unachitikira mumzinda wa Alba Iulia mu 1918.

Lachisanu

Mayeso omaliza, pa buleki. Ndinapempha kuti tichitire pafupi ndi lamba woyendetsa mabokosi, osati m'kantini, chifukwa m'kantini ndimakhoza zonse. Doamna anatchula manambala 30 pa liwiro la pantchito, ine ndikulemba. Ndakhoza 23. Pa 7 olakwawo, atatu ndi *șaizeci* ndi *șaptezeci*, awiri ndi makumi ofupikitsidwa aja, mmodzi ndi 12 yemwe ndinamumva ngati 20 chifukwa onse ayamba ndi *două*, ndipo womaliza sindinamumve n'komwe. Ponena ndekha, *de* ndamuiwala kawiri pa ziganizo 10, ndipo *opt* akadali ndi ka "i" kake ngakhale kafupika.

Ndiye cholinga sichinakwane bwinobwino. Kumva mpaka 1000 ndikutha pamalo achete, paphokoso ayi. Ndawonjezera masabata awiri. Sabata yoyamba ndi ya *șase* ndi *șapte* okha ndi ana awo, 16, 17, 60, 67, 70, 76, ndipo anyamata avomera kundijambulira mawu ali pafupi ndi makina. Yachiwiri ndi ya manambala a ndondomeko, *primul, al doilea, al treilea*, chifukwa mashelefu amawatchula choncho ndipo dzulo ndinaima pansi pa shelefu yolakwika.

Makadi afika 64. Doamna apempha kuti ndiwadulire awo asanu, a Chichewa, kuyambira chimodzi mpaka zisanu. Za mphambu akuti tidzakambirana akadzapuma pantchito.